Mipando ya Chikopa ndi Nzeru ya ku Chigafa

M'nyumba zambiri za m'boma la Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, muli mipando ya chikopa imene inagulidwa chaka china fodya atayenda bwino pa msika. Ina inachokera m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ina inabwera pa galimoto kuchokera ku Johannesburg, ndipo ina inagulidwa kwa akuluakulu a m'maesiteti pamene anali kusamuka. Pakuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chidikha cha Kasungu chinadzaza ndi minda ikuluikulu ya fodya ya Press Farming, General Farming ndi Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Kuyambira chaka cha 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, mipando yotereyi inayamba kuloŵanso m'nyumba za m'midzi, ndipo mpaka lero mlimi akatuluka pa msika wa Chinkhoma nkhope ili yoŵala, masofa sachedwa kumubwerera m'maganizo.

Yambiri mwa mipando imeneyi tsopano yatuŵa. Potsamira mutu pada bii, mikono yake yakandika, pokhalira pachita ming'alu ngati dambo m'mwezi wa Okutobala. Eni ake ena amangoifunditsa chitenje kuti alendo asaone. Ena amaikweza pa ngolo kupita nayo kwa mmisiri wa masofa pa boma, amene amasenda chikopa chonse nachitaya, naikapo nsalu yonyezimira ya pulasitiki. Mpando umabwerera kunyumba uli kuŵala, banja lonse nkukondwera. Koma posapita zaka zambiri nsalu ija imayamba kufunduka ngati njoka, ndalama zitapita kale. Chimene chinatayidwa kudzala chija ndicho chinali chuma cha mpandowo. Chikopa chenicheni cha ng'ombe chimakhala zaka makumi angapo chikasamalidwa, ndipo zilema zake zambiri zimachizika pakhomo pomwepo ndi zipangizo zotsika mtengo.

Mlimi wa fodya ali ndi mwayi pa ntchito imeneyi, chifukwa nzeru yake aidziŵa kale. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'chigafa adziŵa kuti tsamba louma kwambiri siligwiridwa masana, pakuti limangonyenyeka m'manja. Nchifukwa chake osankha fodya wa bale amalaŵirira m'mamaŵa, tsamba litamwa chinyezi cha usiku ndi kufeŵa. Ndipo olima fodya wa fuluu akamuphula m'balani amayamba amufeŵetsa asanamusankhe. Adziŵanso kuti chinyezi chikachuluka fodya amachita chuku m'belo, nabwezedwa ku okushoni. Pakati pa kuuma ndi kunyoŵa pali malire aang'ono zedi, amene dzanja la mlimi limazindikira popanda sikelo. Chikopa chimafuna dzanja lomwelo. Ngakhale dzina la fodya wakuda uja wofukiza ndi utsi, amene alimi amati wa chikopa, limakumbutsa za ubale umenewu.

Chikopa ndi khungu la nyama, lolukana ndi tiulusi tosaŵerengeka. Pochifufuta ku fakitale amathiramo mankhwala oletsa kuola, kenaka mafuta akuti tiulusito tizitererana chikopa chikamapindika. Kale ofufuta ankagwiritsa ntchito makungwa a mitengo. Koma kuyambira chaka cha 1884, pamene Augustus Schultz wa ku New York anatulukira njira yofufutira msanga ndi mchere wa chrome, zikopa zambiri za mipando zimakonzedwa mwa njira imeneyi, ndipo nchifukwa chake pamene pang'ambika mkati mwake mumaoneka motuŵa mokhala ngati mwa buluu. Mafuta aja ndiwo amene amatha pang'onopang'ono, ndipo nyengo ya ku Kasungu imafulumiza kutha kwake: miyezi 6 kapena 7 yopanda mvula, mphepo yozizira ya Juni ndi Julaye imene imakokera mbaula pafupi ndi mpando, ndiponso kutentha kwa Okutobala pansi pa malata opanda siling'i. Tiulusi tikauma timayamba kukhulana ndi kuduka. Mng'alu umene umaoneka pamwamba ndiwo mathero a nkhani imene inayamba kale mkati.

Asanagule kanthu kalikonse, mwini mpando ayenera kutsimikiza kuti chimene ali nacho ndi chikopa ndithu, pakuti alipo amene anagula Rexine pa mtengo wa chikopa. Dzinali linali la nsalu yopakidwa mankhwala imene inkapangidwa ku Hyde, pafupi ndi Manchester ku England, ndipo amisiri amalitchulabe ponena nsalu iliyonse ya pulasitiki yofanana ndi chikopa. Njira yodziŵira njosavuta. Atembenuze mpando, ayang'ane kunsi kumene chofundacho chinakhomeredwa ku thabwa. Kuseri kwa chikopa chenicheni kumakhala kokhakhala, kwa tiubweya. Kuseri kwa Rexine kumakhala nsalu yoluka, yoyera kapena yotuŵa. Palinso mtundu wina wonyenga kwambiri, wopangidwa ndi nyenyeswa za zikopa zopera, zomatidwa pa nsalu ndi kukutidwa ndi pulasitiki. Umenewu umanunkhira ngati chikopa uli watsopano, koma ukayamba kufunduka palibe mafuta amene angaubweze. Kwa amene ali ndi mitundu iŵiri imeneyi, mmisiri wa masofa ndiye yankho lake.

Chikopa chenichenicho sichili cha mtundu umodzi, ndipo dontho limodzi la madzi loikidwa pamalo obisika limasiyanitsa. Likaloŵa msanga ndi kusiya banga lodera, ndiye kuti chikopacho chinangonyikidwa mu utoto, timaenje take tili totseguka. Chotere chimamwa mafuta mosavuta, komanso chimamwa litsiro lililonse, ndipo chimaderako chikapakidwa kanthu. Dontho likangokhala pamwamba ngati pa tsamba la nthochi, ndiye kuti chikopacho chinakutidwa ndi penti yopyapyala yochiteteza. Mipando yambiri ya m'masitolo njotere. Pa mtundu uwu timing'alu tambiri tili mu penti, osati m'chikopa, ndipo mafuta amaloŵa pokhapo pamene penti yaperepeseka. Wosadziŵa izi amakhuthulirapo mafuta ochuluka, nadabwa kuona mpando ukungonanda ndi kukoka fumbi.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kutsuka, ndipo apa mpamene zimadziŵika kuti mipando yambiri imene anthu amati yatha ndi yakuda chabe. M'nyengo yothyola fodya manja amadzaza ndi utomoni wakuda uja wa m'masamba. Munthu akabwera kudzapuma masana, utomoniwo umatsalira pa mikono ya mpando, nugwira fumbi lonse la chilimwe, mpaka pamakhala chikhakha cholimba chimene amene sadziŵa amayesa kuti ndi chikopa chopsa. Potsamira mutu pamadzaza thukuta ndi mafuta odzola. M'misoko mumabisala mchenga, umene umadya ulusi ngati tupa nthaŵi iliyonse munthu akakhala pansi.

Poyamba mpando uchotsedwe fumbi ndi nsalu youma, ndipo m'misoko mupite mswachi wakale wofeŵa. Kenaka kachidutswa ka sopo wosambira, wopanda fungo lamphamvu, katakasidwe m'madzi ofunda mpaka thovu lituluke. Chofunika ndi thovulo, osati madziwo. Kansalu koyera kanyikidwe ndi kufinyidwa mpaka kasadonthenso, ndipo apukute nako malo aakulu ngati chikhatho, mozungulira, mosakhula. Atatero apukutenso ndi kansalu kena konyoŵa madzi okha, namaliza ndi kouma. Pamene pali utomoni wa fodya asakakamize kuti zonse zichoke tsiku limodzi. Kubwereza katatu masiku atatu kuposa kukwecha kamodzi mwaukali. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa, popeza a m'mijigo ina ali ndi mchere umene umasiya mizere yoyera ukauma. Mpando uume pamthunzi, mphepo ikupita, usiku wathunthu. Kuuyanika pa dzuŵa kuti uume msanga ndi chimodzimodzi kusonkhezera moto wambiri m'balani tsamba lisanafike chikasu.

Pali zinthu zimene amayi amazikhulupirira kukhitchini ndi pochapa, koma pa chikopa ndi adani. Chikopa chofufuta chili ndi kuŵaŵasa pang'ono mwa chibadwa chake, ndipo phulusa, soda, sopo wa ufa wochapira ndi Jik zimakuthetsa kuŵaŵasako ndi kufooketsa tiulusi. Palafini, petulo ndi sipiriti zimachotsa banga ndithu, koma zimatenganso penti ndi mafuta otsala. Banga la inki lisiyidwe. Chigamba choyera chosiyidwa ndi sipiriti sichichoka.

Tsono ifika nkhani ya mafuta, imene anthu amatsutsana kwambiri. Amene ali pafupi ndi masitolo aakulu angapeze mafuta opangidwira zikopa za mipando, ndipo ndiwo oyenera kuyamba nawo, makamaka pa chikopa chokutidwa ndi penti. Ambiri a iwo ali ndi mafuta a ubweya wa nkhosa, kapena ochokera m'mafupa a miyendo ya ng'ombe, amene amaloŵa bwino ndipo sanunkha msanga. Dabini wa nsapato za mpira amafeŵetsa, koma ngolemera ndipo amadetsa chikopa choŵala. Kumudzi chinthu choyamba chimene dzanja limafikira ndi botolo la mafuta ophikira, a mtedza kapena a mpendadzuŵa. Tsiku loyamba mpando umaŵala mokoma. Pakapita miyezi mafutawo amavunda mkati, nayamba kununkha, ndipo fungo lake limaitana nyerere, mphemvu ndi makoswe. Khoswe akalaŵa mkono wa mpando, palibenso chokonza. Vaseline naye saloŵa, amangokhala pamwamba kudikira fumbi la kamvuluvulu.

Chimene chimapezeka ku Kasungu ndipo chimathandiza ndi phula la njuchi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 anthu ozungulira Kasungu National Park analoledwa kupachika ming'oma ya njuchi m'nkhalangomo, ndipo alimi a njuchi alipo m'madera ambiri a bomali; kaŵirikaŵiri phula amangolitaya atafinya uchi. Supuni imodzi ya phula loyera isungunulidwe m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, osati pa moto penipeni, ndipo muthiridwe masupuni 3 kapena 4 a mafuta a nsatsi osefa bwino, amene savunda msanga ngati ophikira. Zikazizira zimakhala ngati batala. Ayambe ayesa kuseri kwa mpando, nadikira tsiku lathunthu kuti aone ngati mtundu wasintha moipa. Zikakhala bwino, atenge pang'ono, kuchuluka kwake ngati njere ya chimanga pa khushoni imodzi, apake ndi kansalu kapena ndi zala, pakuti kufunda kwa dzanja kumathandiza kuloŵetsa. Maŵa lake apukute zotsala zonse ndi nsalu youma mpaka isatengenso kanthu. Chikopa chouma kwambiri chilandire kaŵiri kapena katatu, pakati pakupita sabata.

Kuchepa kwa muyeso umenewu kumadabwitsa ambiri, koma pali umboni wake. Kwa zaka zambiri British Museum ya ku London inali ndi mankhwala ake opaka pa zikuto zachikopa za mabuku akale, osakaniza mafuta a ubweya wa nkhosa ndi phula la njuchi, ndipo nyumba za mabuku za m'maiko ambiri zinatengerapo. Pambuyo pake akatswiri osunga zinthu zakale anaona kuti mabuku amene anapakidwa moŵirikiza anayamba kunanda, kuda ndi kugwira fumbi, kotero kuti masiku ano ambiri a iwo amapaka pang'ono zedi kapena sapaka nkomwe. Mpando si buku, pakuti umapindika tsiku ndi tsiku ndipo umafuna kufeŵa. Komabe kamodzi kapena kaŵiri pa chaka nkokwanira.

Mikwasa ya zikhadabo za mphaka, ya zitsulo za malamba ndi ya ana oseŵera ndi misomali imasiyana kuya kwake. Yosazama, imene yangotuŵitsa pamwamba, kaŵirikaŵiri imazimirira ikasisitidwa ndi chala chopaka phula pang'ono, makamaka pa chikopa chonyikidwa mu utoto, chifukwa mafuta a m'mbali amasendera pokandikapo. Yozama imadzutsa tizikopa ting'onoting'ono tolendeŵera. Timeneti tisazulidwe. Katsonga ka machesi kapena munga unyikidwe mu guluu woyera wa akalipentala, pang'ono pokha, upakidwe kunsi kwa kachikopako, ndipo kagonekedwe momwe kanalili ndi kukanikizidwa ndi kumbuyo kwa supuni. Tiubweya totsala tidulidwe ndi lezala watsopano, mogoneka. Ntchitoyi njotopetsa maso, ndipo pamene mphaka ananolera zikhadabo zake chaka chathunthu pangatenge masana aŵiri. Koma pamatuluka posalala modabwitsa. Guluu wouma msanga uja wa m'timachubu ting'onoting'ono asayandikire mpando. Amauma ngati galasi, ndipo munthu akangokhalapo chikopa chimang'ambika m'mbali mwake, bala nkukula kuposa kale.

Pamene pang'ambika mpaka siponji kuonekera, ambiri amathamangira singano, koma chikopa chakale sichigwira ulusi. Zibowo za singano zimangosanduka msewu wa mng'alu watsopano. Chigamba chimaikidwa mkati. Adule kansalu kolimba, monga ka thalauza ya jini yakutha, kokulirapo kuposa bala ndi zala ziŵiri mbali zonse, ndi kukazungulitsa m'makona kuti kasapindike. Akaloŵetse pansi pa chikopa ndi kukayala bwino ndi chogwirira cha supuni. Kenaka apake guluu wa osoka nsapato kuseri kwa milomo ya balalo, adikire kuti ayambe kunanda, nakumanitsa milomoyo mosasanjikiza. Pamwamba aikepo pepala la pulasitiki ndi njerwa yokulunga m'nsalu, usiku wonse. Kamzere kotsala kamatsekedwa ndi phala lapadera la zikopa ngati lapezeka, lopakidwa mopyapyala kangapo, kulikonse litauma, ndi kusalazidwa pomaliza ndi sandipepa wosalala koposa. Likasoŵa phalalo, kamzereko kasiyidwe. Chipsera chowongoka pa mpando wolimba sichichititsa manyazi.

Chofunika kukumbukira apa ndi dongosolo lake: guluu ndi utoto sizigwira pa mafuta. Mpando wofuna zigamba kapena utoto uyambe watsukidwa, umatidwe, upakidwe utoto, ndipo phula libwere pomalizira penipeni, patapita masiku angapo.

Kubwezera mtundu ndiko kumavuta koposa. Polishi wa nsapato, monga Kiwi, amabisa mkwasa waung'ono m'mbali kapena kunsi kwa mpando. Koma pokhalira ndi potsamira asapakidwe, chifukwa dzuŵa likatentha amasungunuka, ndipo mlendo wovala zoyera amanyamuka atasenza mtundu wa mpando kumsana. Penti ya mafuta ya pa zitseko imauma gwa ndi kusweka. Choyenera ndi utoto wa zikopa, umene osoka nsapato a pa msika amaudziŵa. Wakuda ndi wofiirira savuta kupeza; mitundu yoŵala njovuta kufananitsa, ndipo kuli bwino kupaka khushoni yonse kapena mkono wonse mpaka pa msoko, kusiyana ndi kudontheza pa banga pokha. Utoto upakidwe ndi kasiponji mogogoda, mopyapyala, katatu kapena kanayi, ndipo pakati pake pauziume. Patapita masiku aŵiri nsalu yoyera yonyoŵa pang'ono ikhulidwe pamenepo. Ikatuluka yoyera, mpando wakonzeka kulandira alendo.

Mipando ndi mabedi a kumudzi olukidwa ndi zingwe za chikopa cha ng'ombe ali ndi lamulo lawo. Chikopa chimenecho nchosafufuta, chofanana ndi cha ng'oma: chikanyoŵa chimatamuka, chikauma chimakungika. Chingwe choduka chimaloŵedwa m'malo ndi china chonyikidwa m'madzi usiku wathunthu, cholukidwa chikadali chofeŵa, ndipo chimadzikunga chokha. Mafuta ochuluka amangochilobodola.

Mpando ukakonzedwa, malo ake pabalaza ndiwo amanena ngati ntchitoyo ikhalitsa. Uchoke pamene dzuŵa la masana limaloŵera pa zenera, ndipo mbaula ikhale kutali mapazi angapo. Utalikirane pang'ono ndi khoma kuti mphepo izipita, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene chuku amamera ngakhale pa nsapato. Chuku akaoneka, mpando utulutsidwe pakhonde, upukutidwe ndi madzi osakaniza ndi vinega muyeso wofanana, nuume pamthunzi. Chizoloŵezi chosunga matumba a feteleza pabalaza poopa akuba nchomveka, koma feteleza ndi mchere wokoka chinyezi, ndipo thumba lotsamira mpando mwezi umodzi limasiya banga louma limene silichira. Miyendo ya mpando iziyang'anidwanso chifukwa cha chiswe, makamaka ngati matabwa ake ndi a paini. Nthaŵi yabwino ya ntchito yonseyi ndi Epulo kapena Meyi, mvula itangotha, mpweya ukadali ndi chinyezi pang'ono, chikopa chisanakumane ndi chilimwe.

Pali chikopa china chimene chinapitirira malire: chikapindidwa chimasweka ngati chikwatu cha chimanga chouma, kapena chimang'ambika ndi zala ngati pepala. Chimenecho mafuta sangachidzutse, ndipo mpando upite ndithu kwa mmisiri. Koma mwini wake asalole kuti zonse zisendedwe. Kaŵirikaŵiri chatha ndi cha pokhalira ndi pa mikono pokha, pamene cha kumbuyo, chimene chakhala chikuyang'ana khoma zaka zonsezi, sichinaone dzuŵa kapena thukuta. Ngati chakumbuyocho ndi chikopa chenicheni, pakuti mafakitale ena amaikako Rexine wa mtundu wofanana, mmisiri wodziŵa ntchito angachidule ndi kuchisokera pokhalira, kumbuyoko naikako nsalu wamba yolimba. Nyenyeswa zotsala mwini mpando azitengere kunyumba, pakuti ndizo zoyeserapo utoto ndi phula chaka chamaŵa.